Mizinda Itatu ya Mena

Kampu ya kumpoto kwa Fort McMurray, Alberta
8 Seputembala 2013

Mena wanga,

Ndikukhulupirira uli bwino pamodzi ndi mwana wathu Deirdre, ndiponso kuti mng'ono wanga Cletus akupumabe ngakhale amadya zonse zimene madokotala anamuletsa. Ine kuno ndili bwino. Bondo lakumanzere likung'ung'udza monga mwa masiku onse, koma palibe akulimvera.

Tsopano zimitsa wailesi ukhale pansi, pakuti ndili ndi chilengezo. Lero, nthawi ya chakudya chamadzulo, pamaso pa mboni ziwiri ndi mbale ya mbatatesi zosapsa bwino, mzinda wa Paris wachotsedwa pa mndandanda wathu. Eni ake sanauzidwebe. Ndikhulupirira apirira.

Ndikutsata zimene tinapangana m'galimoto pochokera kwa dokotala wa maso. Iye anati diso lako lakumanzere pakati pake pazima kale, ndipo lakumanja likhoza kukupatsa chaka, mwina ziwiri ngati majakisoni agwira. Iwe unati usanayambe kuona chifunga chokhachokha ukufuna kukaona mzinda wa kunja, poti zaka makumi atatu ndi chimodzi za ukwati wathu sunapyolepo Halifax ya m'dziko lathu lomwe lino. Unati umodzi ukwana. Ine ndinati itatu, mu Meyi. Mkazi wa Ambrose Kearley sangawoloke nyanja yonse n'kukaona mzinda umodzi ngati wapita kukagula singano.

Ntchito yosankha ndaitenga ine. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinachonga mayeso a mbiri yakale, sukulu yathu isanatsekedwe chifukwa chosowa ana, ndipo chichokereni kumeneko digiri yanga yangondithandiza kugawa magolovesi ndi majombo m'nyumba yosungira zipangizo muno. Tsopano yapeza ntchito yoiyenera. Mzinda uliwonse ulemba mapepala atatu: chikhalidwe, chakudya, chilengedwe. Pepala lililonse malikisi khumi.

Ndili ndi komiti. Woyamba ndi Dodong, wophika wa ku Philippines, amene amatidyetsa anthu mazana asanu ndi limodzi tsiku lililonse popanda kutukwana aliyense. Wachiwiri ndi Gaétan, wowotcherera zitsulo wa ku Quebec kolankhula Chifalansa, amene amatukwana m'malo mwa onse awiri. Iyeyu ndiye wagwetsa Paris.

"Aphunzitsi, ndinapitako ine," anatero. "Ndinalankhula Chifalansa cha mayi anga, munthu n'kundiyankha m'Chingelezi. Nditabwereza anandifunsa ngati ndikufuna dokotala."

"Nanga chakudya?" ndinamufunsa.

"Chokoma. Koma mbale yake mukhoza kuiphimba ndi chikhatho."

Dodong anapukuta manja pa epuloni. "Mzinda wopimira anthu nyama ndi kasupuni, achimwene, fufutani."

Ndinafufuta.

Za kunyumba: Cletus aike mazenera otchinga mphepo mwezi uno usanathe, asadikire kuti namondwe amukumbutse. Nkhuni zimene anatula sizikwana, umuuze awonjeze lole imodzi. Mafomu a pasipoti ali m'kabati ya mbale, pansi pa mabuku a nyimbo. Pojambulitsa chithunzi usamwetulire, boma silikonda.

Ndine mwamuna wako,
Ambrose


22 Seputembala 2013

Mena wanga,

Moni kuchokera kudziko la matope. Kalata yako yafika Lachinayi ndipo ndasangalala kumva kuti nonse muli bwino. Ukuti jakisoni wa m'diso sapweteka. Ndakukhulupirira monga ndinakukhulupirira tsiku lija unati kubereka Deirdre kunali ngati kuyetsemula.

Zotsatira za mayeso oyamba nazi.

Florence ndi mwana wanzeru wa m'kalasi, wokhala kutsogolo, wokweza dzanja funso lisanathe. Chikhalidwe khumi pa khumi. Zithunzi zojambula pamanja, ziboliboli za amuna osavala, matchalitchi oti khosi limauma ndi kuyang'ana kudenga. Maso ako akakhuta kumeneko. Ameneyu wakhoza kale.

Kyoto ili ndi minda imene anthu amapesa mchenga ngati tsitsi, ndipo chilengedwe ndaipatsa zisanu ndi zinayi. Koma Gaétan akuti kumeneko amadya atakhala pansi. Kukhala ndingakhale. Kudzukako n'kumene kungafune akazembe a maiko awiri.

New Orleans, nyimbo ndi chakudya zili bwino kwambiri. Chilengedwe chake ndi madambo ndi udzudzu, zimene kuno amatipatsa ulere.

Oaxaca, ku Mexico, Gaétan anapitako ndi mkazi wake wachiwiri. Akuti msuzi wa kumeneko amathiramo tsabola ndi chokoleti limodzi, ndipo ndi chinthu chokhacho cha ukwati umenewo chimene amachisowa.

Lisbon ndaiika kumunsi. Mabuku onse akutama nsomba zamchere. Mena, nsomba zamchere. Zimene bambo ako ankayanika kuseri kwa nyumba n'kumagulitsa kwa Apwitikizi omwewo. Tilipire ndege kuti tikadye chakudya cha Lachisanu cha mayi ako?

Dodong akufuna Cebu, kwawo, ndipo wayamba kundiikira nthuli ziwiri za nyama m'mbale. Ndamuuza kuti wochonga mayeso salandira ziphuphu. Nyamayo ndadya kuti pasapezeke umboni.

Pali kankhani kakang'ono. Kumapeto kwa mwezi uno sindibwera. Ukudziwa kuti timagwira masabata anayi n'kupuma awiri, koma amene sakwera ndege yopita kwawo kampani imamupatsa ndalama ya tikiti m'manja. Komanso msuweni wa Gaétan ali ndi sitolo ya matayala m'tauni ndipo akufuna munthu wodziwa kulemba. Mizinda itatu imadya, Mena. Masabata awiri okha amenewa alipira hotelo ya ku Florence, ya zenera loyang'ana kumtsinje.

Ulendo wa kwa dokotala wa pa 4 akuperekeze Deirdre. Ndamuuza kale. Cletus asakuyendetse, amayendetsa ngati msewu ndi wa agogo ake.

Wako,
Ambrose


27 Okutobala 2013

Mena wanga,

Moni. Monga wapempha, ndalemba ndi cholembera chakuda cha pamakatoni, zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha pachipatala. Kalata ya masamba awiri yasanduka masamba asanu ndi atatu, ndipo wa positi wandiyang'ana ngati ndikutumiza njerwa. Ndili bwino. Sinowo wagwa kawiri. Bondo lalosera kawiri konse.

Mizere yako yayamba kutsetsereka kumanja ngati ikupita kudoko. Ndikanakhala m'kalasi ndikanachotsa malikisi awiri. Koma ndawerenga zonse, ngakhale mawu aja unalemba pamwamba pa anzake.

Tsopano pempho lako. Komiti yalimva ndipo yaseka mwaulemu. Saint-Pierre, Mena? Kachilumba ka Afalansa kamene timaona nyali zake tikaima paphiri la kumanda? Ukuti ndi kunja ndithu, amafuna pasipoti, ndalama yake ndi ina, ndipo kuchokera padoko la Fortune sitima yapamadzi imangoyenda ola ndi theka. Ukuti ndibwere mu Novembala tingopita, masiku atatu, zinazo tidzaona.

Ndachonga mwachilungamo. Chikhalidwe zitatu: apolisi ake amavala zipewa zokongola. Chakudya zisanu ndi chimodzi, chifukwa buledi wawo ndinamvapo mbiri yake. Chilengedwe palibe. Miyala yomweyo, mphepo yomweyo, chifunga chomwecho chimene chimachoka pakhomo pathu m'mawa n'kukafika kwawo masana. Amalume ako Leo ankapitako kawiri pa mwezi zaka makumi awiri, ndipo chikhalidwe chimene ankabwera nacho chinali cha m'mabotolo, pansi pa maukonde.

Ndinauza Gaétan kuti mkazi wanga akufuna kusinthanitsa Florence ndi Saint-Pierre.

"Wanena kuti kusinthanitsa?" anafunsa.

"Wanena kuti tingopita."

"Ndiye si zofanana zimenezo, Aphunzitsi." Anapitiriza kudya.

Wowotcherera zitsulo akayamba kuphunzitsa mphunzitsi kuwerenga, dziko latha.

Mu Novembala ndikhalanso kuno. Ulendo umodzi wokha, kenako Khirisimasi ndili pakhomo ndi mapu onse, tidzayala patebulo.

Deirdre wandiuza pa foni za dzanja ndi mbaula. Wandiuzanso kuti makiyi a galimoto ali kwa iye tsopano. Iwe sunalembe, ndiye ine sindifunsa. Ndingoti ketulo yamagetsi yozima yokha ili pa madola makumi anayi, agule. Pamasitepe a kukhonde Cletus apake penti yoyera m'mphepete, sitepe iliyonse. Akafunsa chifukwa, umuuze kuti ndi fashoni ya ku Italy.

Jamu wa zipatso za kuthengo wafika bwino. Dodong analawa n'kundifunsa ngati uli ndi mng'ono wosakwatiwa.

Ndine wako yemwe uja,
Ambrose


24 Novembala 2013

Mena,

Moni. Ndili bwino. Ndikhulupirira nawenso uli bwino, ndipo ndikuona kuti uli bwino ndithu, poti wayamba kuyenda maiko.

Khadi yako ya ku Saint-Pierre yafika ndi sitampa ya France. Mawu asanu ndi awiri, ndawawerenga kangapo: "Nyumba zachikasu, zofiira, zobiriwira. Ndaziona zonse. Mena." Deirdre waikamo chithunzi. Uli pa benchi, wavala chikhoti changa chakale, buledi wautali m'khwapa ngati mfuti, ukuseka ndi munthu amene sakuoneka.

Monga wapampando wa komiti ndiyenera kulemba kuti ulendowu sunavomerezedwe, ndipo malikisi a chilumbacho sasintha. Monga mwamuna wako ndingofunsa: buledi uja analidi wabwino? Deirdre akuti sitima inakuvutitsani pobwerera, iye anasanza njira yonse iwe uli panja ukuyang'ana madzi. Akuti unaima pa malo ogulitsa makeke theka la ola, mphuno pagalasi, mpaka mayi wogulitsayo anatuluka n'kukutchulira iliyonse dzina. Pasipoti yako yadindidwa yanga isanadindidwe. Sindikudandaula. Ndikungolemba mbiri.

Chithunzicho ndinapita nacho kuholo yodyera. Gaétan anachiyang'ana n'kunena kuti, "Chikhoti chikumukhala kuposa mwini wake."

Dodong anachigwira m'mphepete ndi nsonga za zala kuti asachidetse. Iye ana ake sanawaone zaka zitatu, wamng'ono amamudziwira pa foni.

"Achimwene, ndifunse?"

"Funsa, koma Cebu inagwa kale."

"Inu ndege ya kwanu ndi yaulere. Masabata anayi alionse."

"Si yaulere kwenikweni. Ukapanda kukwera..."

"Ine akanandipatsa ndege yotero, bwenzi supu mukuphika nokha."

Ananena akumwetulira, monga amachitira pokuuza kuti nkhuku yatha. Gaétan anayamba kufufuza chinachake m'kapu yake ya khofi. Ine ndinawakumbutsa kuti mpando wachiwiri akuulimbiranabe Kyoto ndi Oaxaca, ndipo msonkhano si malo a nkhani za m'banja.

Oaxaca ikutsogola. Florence, Oaxaca, kenako umodzi wa nyanja kapena wa mapiri. Ndaitanitsa mabuku ena awiri. Nthawi yowerenga ndili nayo yambiri masiku ano, ku matayala ntchito sikuchuluka monga kale. Masana m'kampu muno, anthu onse ali ku ntchito, mumangomveka makina otenthetsa mpweya.

Mafuta a m'thanki ya chotenthetsera nyumba aonedwe chisanu chisanakhwime. Bwato Cletus alivindikire bwino, chaka chatha anamanga lona ngati akumanga mphatso.

Za Khirisimasi tikambirana pa foni. Akupereka malipiro owirikiza kwa otsala, ndipo sindinayankhe.

Ambrose


12 Januwale 2014

Mena wanga, ndi iwe Deirdre amene ukuwerenga mokweza,

Moni nonse. Deirdre, werenga pang'onopang'ono, usadumphe mizere, ndipo pamene ndikuseka usawerenge ndi mawu a pamaliro. Pamene ndalemba zachikondi ukhoza kuthamanga.

Ndabwerera ku cholembera wamba, poti ukuti zilembo zazikulu sizikuthandizanso. Ndamva zonse za Lolemba lija. Kuti unadzuka n'kupeza pakati pa diso lakumanja pali chibanga chakuda, kuti magazi anatulukira mkati, kuti dokotala wati m'mbali muzionabe koma pakati ayi. Iye uja anati chaka kapena ziwiri. Ndikanakhala ndikuchonga pepala lake... koma zisiye.

Khirisimasi ya kuno inali yabwino. Dodong anawotcha nkhukundembo makumi anayi. Tinavala zipewa zamapepala. Foni yako ija inali yaifupi, koma ndinamva Cletus akuimba kumbuyo, ndiye ndinadziwa kuti chilango mwalandira chokwanira ngakhale ine kulibe.

Komiti inakumana dzulo, ndipo mayeso achongedwanso.

Florence yagwa. Ndakhala nayo miyezi inayi pamwamba, koma ndi mzinda wa maso. Zonse zili pakhoma, kuseri kwa chingwe, ndipo ukatambasula dzanja mlonda amakuwa. Kyoto yagwa nayo limodzi. Munda wa mchenga wopesa suli kanthu kwa munthu woumva ndi makutu.

Ndinafunsa komiti kuti mzinda wa makutu, mphuno ndi lilime ndi uti. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, Gaétan sanatukwane.

"Uja munaunyoza, Aphunzitsi. Wa nsomba."

Ndinatsegulanso buku. Akuti ku Lisbon akazi amaimba m'tinyumba todyera, popanda zokuzira mawu, anthu n'kusiya mafoloko. Akuti tisitima ta mumsewu timalira pokwera zitunda, nsomba amawotchera panja utsi n'kudzaza njira, ndipo makoma ndi a matailosi oti ukhoza kuwasisita popanda wokukalipira. Mtsinje wake ndi waukulu moti umanunkhira nyanja. Nsomba zamcherezo, ndaganiza, udzatha kuwauza ngati akuphika bwino kapena ayi. Pa nkhani imeneyo palibe Mpwitikizi angakunamize.

Chikhalidwe zisanu ndi zinayi, chakudya khumi, chilengedwe zisanu ndi zitatu. Wochonga woyamba uja anali munthu wosadziwa kanthu, tamuchotsa ntchito.

Ndikubwera pa 3 Febuluwale. Ndikudziwa, Deirdre, wanena kale pa foni, ndipo mawu amene unagwiritsa ntchito sunawaphunzire kwa mayi ako. Wondilowa m'malo palibe mpaka tsiku limenelo. Ndi zimene andiuza mu ofesi, ndipo sindinalimbane nawo.

Mipando m'nyumba musasunthe. Chilichonse chikhale pamene chimakhala.

Ndine wanu,
Ambrose


23 Febuluwale 2014

Mena wanga,

Moni. Ndafika bwino, ndege inachedwa maola asanu ku Toronto. Deirdre, moni nawenso. Zikomo pondiperekeza ku bwalo la ndege, ngakhale maola anayi a m'galimoto muja unalankhula mawu osakwana khumi.

Masabata awiri apita ngati madzi. Ndikuganizabe za pakhomo paja. Ndinakonza zonena njira yonse, nthabwala zitatu ndi kupepesa kumodzi. Iwe unatsegula chitseko, n'kutembenuzira nkhope kumbali, kuyang'ana pa mtengo wopachika zikhoti, kuti undione ndi m'mphepete mwa diso. Ndinayesa kuti wandikwiyira. Kenako unati, "Ndi iwe, kapena Cletus wanenepa?"

"Ndine."

"Tsokomola ndimve."

Ndinatsokomola.

"Ndi iwedi. Vula majombo, ndakolopa."

Nthabwala zanga zitatu zija ndabwerera nazo kuno zosagwiritsa ntchito.

Ndaona mmene ukuthirira tiyi, chala pamlomo pa kapu. Ndaona timphira tomwe wamanga pa zitini kuti usiyanitse nyemba ndi mapichesi. Ndaona kuti ukudziwa masitepe onse a kutchalitchi, ndiponso kuti ndikakugwira mkono ndimakukoka ngati ngolo, pamene Deirdre amangokupatsa chigongono iwe n'kugwira wekha. Ndiphunzira. Ndinali mphunzitsi, ndiye kuphunzira kumandivuta, koma ndiphunzira.

Mapu aja sitinayale. Nditawatulutsa unati, "Ambrose, mzinda umodzi. Ukatchulanso itatu ndipita ndi Cletus." Sindinaonepo komiti ikugonja msanga chotero.

Lolemba ndinapereka kalata yosiya ntchito. Bwana wa ofesi, mtsikana wa msinkhu wa Deirdre, anandifunsa chifukwa choti alembe pa fomu. Panali mabokosi asanu: matenda, ntchito ina, kupuma, kusamuka, zina. Ndinati alembe "zina". Ndimaliza pa 16 Marichi, ndikangophunzitsa munthu watsopano kusiyanitsa golovesi lamanja ndi lamanzere.

Gaétan atamva anati, "Mwachedwa, koma ngakhale basi ya kuno imafika." Dodong anatenga mbale yanga. Anandiikira nthuli ziwiri, ndipo ulendo uno palibe mzinda umene amaupempherera.

Deirdre, mankhwala a m'maso a mayi ako ali pa shelefu yachiwiri, ndinawasuntha pofuna lumo ndipo ndakumbukira ndili m'ndege. Abwezere pamene anali. Ine ndemwe ndinalamula kuti musasunthe kanthu.

Wako,
Ambrose


9 Marichi 2014

Mena wanga,

Moni. Ndili bwino, bondo lili bwino, ndipo ndikudziwa kuti iwenso uli bwino chifukwa pamene ukumva mawu awa ndakhala pampando wa pafupi ndi mbaula, ndikuwerenga ndekha. Kalata iyi sindiitumiza pa positi. Ndabwera nayo m'thumba. Deirdre wawerenga zokwanira, ndipo muli zina zosayenera mawu ake. Ndikayamba kutsokomola pakati, undidikire.

Matikiti ndagula. Lisbon, pa 22 Epulo, masiku khumi. Kanyumba kogona kali pansi, kopanda masitepe, pafupi ndi msika wa nsomba. Mwini wake ndinamufunsa ngati zenera likuyang'ana kokongola, kenako ndinafufuta funsolo n'kufunsa ngati m'mawa mumamveka mabelu. Akuti mumamveka mpaka alendo ena amadandaula. Ndalipira pomwepo.

Ndakhala ndikuchita maphunziro. Masana Dodong akamasenda anyezi amandifulatira, ine n'kuima pa zenera la khitchini kumufotokozera zimene zili panja, iye n'kumandichonga. Tsiku loyamba ndinati, "Kuli lole yaikulu yachikasu."

"Ziwiri pa khumi, achimwene. Yaikulu bwanji?"

"Yaikulu kwambiri."

"Mkazi wanu akusiyani ku Lisbon komweko."

Tsiku lachitatu ndinati tayala lake limodzi ndi lalitali ngati khomo la tchalitchi chathu, ndipo woyendetsa akuoneka ngati ntchentche pa keke. Anandipatsa zisanu ndi ziwiri. Akuti vuto langa ndimayamba ndi chaka chimene chinthu chinamangidwa. Akuti ndiyambe ndi mtundu, kenako kukula, kenako anthu akuchita chiyani, ndipo mbiri yakale ndiisunge mpaka utaifunsa. Gaétan akuti sudzaifunsa.

Tsopano zimene ndabwerera nazo m'thumba.

Ntchito ya matayala inatha mu Okutobala. Inali ya masabata awiri okha aja. Ndalama ya mzinda umodzi inalipo kale tsiku lomwe tinkachokera kwa dokotala, iwe unkadziwa, ine ndinkadziwa. Mu Novembala, pamene unkandiitana kuti tikwere sitima, masabata awiri onse ndinali m'chipinda changa muno ndi mabuku, ndikupatsa mizinda malikisi. Pa Khirisimasi palibe anandikakamiza. Mu Januwale ndikanalimbana nawo mu ofesi akanandilola.

Ndinkaopa, Mena. Kuno, pakati pa mapu, unali ukuonabe. Unkayenda m'misewu ya Florence patsogolo panga, ukuloza zinthu, ukundiuza kuti ndifulumire. Kunyumba ndikanakhala patebulo n'kumakuona ukufufuza kapu ndi dzanja, tsiku lililonse pang'ono kuposa dzulo, ine wopanda chochita. Ndinasankha kumene ndinali ndi chochita. Zimenezo ndinazitcha kukonzekera ulendo.

Maulendo atatu obwera kunyumba, masabata awiri uliwonse. Masiku makumi anayi ndi awiri amene diso lako linali likugwirabe nkhope za anthu. Umenewo ndiwo mtengo wa ulendowu, ndipo walipira ndiwe.

Ku Lisbon ndidzakuuza zonse, mtundu poyamba, kenako kukula, kenako anthu. Koma pali chimodzi chimene sindingakufotokozere kuti chibwerere. Tsiku lija ndinkanyamuka, pa 2 Seputembala, ndinadzuka mochedwa, sindinamete, ndipo pakhomo ndinali ndikukangana ndi Cletus za macheka amene anabwereka. Iwe unaima pakhonde. Ndikuganiza kuti ndinakweza dzanja ndili m'galimoto, koma sindikukumbukira ngati ndinatembenuka.

Ngati sindinatembenuke, usandiuze lero.

Ambrose